Mayi Amene Ankalemba Phokoso la Bwalo

Mayi Louvenia Tarpley analemba milandu kukhothi la m'tawuni yathu ku Alabama zaka makumi atatu, ndipo sanakometsepo mawu a munthu. Mboni ikatukwana ankalemba momwemo, loya akachita chibwibwi nacho chinkalowa papepala. Atapuma pantchito, a kukoleji anawapempha kuti Loweruka la mpira wa ku America azikhala m'kachipinda ka magalasi pamwamba pa sitediyamu, n'kumalemba pa kamakina kawo zimene wolengeza akunena, kuti anthu osamva aziwerenga pa bolodi la magetsi. Anavomera msanga, poti kunyumba ankangokhalira kukangana ndi wailesi.

Bwana wawo anali Curtis Yancey, munthu wa tayi amene ankathamanga ngakhale popita kukamwa madzi. Lamulo lake linali limodzi: lembani za wolengeza, za refa ndi mawu a nyimbo za bandi, koma za ochemerera ayi, chifukwa pakamwa pa ana a sukulu amene ayamba mowa m'mawa sipatuluka za m'Baibulo. Bwalo likaphulika, Mayi Tarpley ankangolemba kuti, "Anthu akufuula." Sizinkawasangalatsa, koma ankati mlendo salamula pakhomo pa eni.

Moyang'anizana ndi bolodilo pankakhala Bambo Odell Brasher, amene anasiya kumva ali ndi zaka zinayi ndipo anakalambira pa makina osindikizira nyuzipepala. Ankabwera ndi kathumba ka mtedza wowiritsa, n'kupondetsa mapazi onse pa chitsulo cha benchi kuti ng'oma za bandi ndi mdidi wa anthu zizimveka m'mafupa mwawo. Mwana wawo Wendell ndiye anali womenya mpira wa timu. Ntchito imeneyo ndi yankhanza: umakhala pambali masana onse, ulowe kamphindi kamodzi, upyoletse mpira pakati pa mitengo iwiri ya golo, ndipo ukaphonya dzina lako limadziwika mpaka kwa agalu.

Loweruka lina la mu Okutobala Wendell anaphonya kawiri. Ana a sukulu anayamba kuponda mabenchi n'kumaimba kuti, "Mwendo wa phala, mwendo wa phala." Pa bolodi panangolembedwa za masiku onse zija. Bambo Brasher anamva mdidi m'mapazi, anaona milomo ikutseguka pamodzi, ndipo anaganiza kuti anthu akulimbitsa mtima mwana wawo. Anaimirira akumwetulira, n'kumaomba m'manja motsatira mdidiwo mpaka nyimbo inatha. Oyandikana nawo anangoyang'ana nsapato zawo. Chilungamo anakachidziwa mawa lake kutchalitchi, kwa mlamu wawo wolankhula ndi manja, amene sadziwa kusunga nkhani.

Loweruka lotsatira, mpira usanayambe, mkuluyo anakwera masitepe onse mpaka kukachipinda kuja. Sanapereke moni. Anaika kabuku patebulo, ndipo munali mawu awa: "Mayi, ndinaombera m'manja anthu akunyoza mwana wanga. Inu munamva, ine ayi. Ndine wosamva, sindine mwana. Muzilemba zonse."

Mayi Tarpley anachita manyazi amene sanawamvepo chibadwire. Anawerenga kawiri, n'kulemba pansi pake kuti, "Ndinakulakwirani. Sizidzachitikanso." Mkuluyo atatsika, iwo anatsegula zenera limene linali lisanatsegulidwepo, kuti phokoso lizilowa lonse, ndipo anauza Curtis kuti lamulo lake latha. Curtis anadandaula za akuluakulu a koleji, za makolo obwera ndi ana, za makalata amene adzabwere.

"Mayi Tarpley, mundichotsetsa ntchito inu," anatero akupukuta thukuta.

"Iwe Curtis, ndinakudziwa uli ndi mamina mpaka pachibwano. Makolo akowo ali ndi makutu, akumva kale zonsezo. Ukufuna kubisira ndani? Anthu okhawo amene alibe pomvera?"

Anagwirizana kuti mawu onyansitsitsa asamalembedwe, koma bolodi lizinena poyera kuti akutukwana ndani ndipo chifukwa chake n'chiyani. Zina zonse zizilowa monga zatulukira.

Kuyambira tsiku limenelo osamva obwera ku mpira anasanduka osangalala kuposa onse. Anadziwa kuti refa wamfupi uja anthu amamutcha Chitsa, ndi kuti nyimbo ina imene ankaiyesa ya fuko inali yonyoza mphunzitsi wa timu ya alendo. Makalata odandaula anabweradi, ina yochokera kwa mnzawo wa Mayi Tarpley wa m'kwaya, ndipo iwo ankaikirapo kapu ya tiyi. Chimene chinawapweteka chinadza patapita milungu iwiri, Wendell ataphonyanso. Nyimbo ija inayambika, zala zawo zinaima kaye pamwamba pa makina, kenako analemba "Mwendo wa phala" m'zilembo zazitali ngati chitseko. Pa magalasi oonera patali anaona Bambo Brasher akuwerenga mpaka kumapeto, n'kugwedeza mutu kamodzi. Anaonanso china: chichitikire za mu Okutobala, mkuluyo sankaombanso m'manja. Timu igoletse, bandi ilize, manja awo ankakhala m'khwapa.

Mpira womaliza wa pakhomo unali kumapeto kwa Novembala, masana ozizira, ndipo kwa Wendell unali womaliza ndithu chifukwa ankatsiriza sukulu. Tsiku limenelo mwendo wake unali woongoka. Anamenya kanayi, konseko mpira unapyola pakati, moti timu inatsala pang'ono kuwapeza alendo chifukwa cha iye yekha. Nthawi itatsala masekondi atatu anamulowetsanso, koma pamtunda woti ngakhale mphunzitsi ankadziwa kuti akupempha mvula m'chilimwe. Anthu onse anakhala chete monga amachitira womenya akakhala wawo, ndipo Mayi Tarpley analemba nazonso: "Bwalo lonse lili zii."

Mpira unakwera bwino, unapita, n'kugunda mtengo wopingasa, n'kubwerera. Timu inagonja. Wendell anagwada pa kapinga atagwira chipewa chake cholimba chotetezera mutu.

Kenako mabenchi a ana a sukulu anayamba kugunda, mdidi wake wofanana ndendende ndi uja wa phala. Mayi Tarpley anatcherera khutu pazenera, ndipo anamva kuti mawu anali ena. Analemba msangamsanga, n'kutenga magalasi aja. Bambo Brasher anali atamva kale mdidiwo m'mapazi. Anali atazyolika, chipewa chitaphimba maso, mtedza utamwazikira pansi. Kwa nthawi yoyamba sanafune kuwerenga. Mayi wina anawagwedeza paphewa akuloza anthu, iwo anangomukankha dzanja, poti nkhope zomwetulira zinawanamizapo kale.

"Curtis, chotsa zotsatsa malondazo pa kanema wamkulu wa bwalo, uikepo mawu angawa," anatero Mayi Tarpley akuloza mkuluyo.

"Mayi, zimenezo n'zosaloledwa."

"Ndati ika, mwanawe. Ukanene kuti ndinakuopseza ndi ambulera."

Curtis anayang'ana kumene amalozako, n'kudina batani. Kanema wamkulu ngati khoma la nyumba anada bii, kenako anawala ndi zilembo zoyera, ndipo kuwalako kunagwera pa maondo a mkuluyo mpaka anadzutsa mutu. "Zikomo Brasher. Zikomo Brasher." Mayi Tarpley sanachotsere kapena kuwonjezera. Anthu akaimba kamodzi iwo ankalemba kamodzi, misozi ikugwera pa makina, ndipo anafika kakhumi ndi kasanu ndi kawiri.

Bambo Brasher anawerenga mzere uliwonse. Atatha anatembenukira kukachipinda kuja, kumene Mayi Tarpley anali atatulutsa mutu pazenera, ndipo anaika chala pamlomo n'kuchiponya kutsogolo, kufunsa m'chinenero cha manja ngati zinali zoona. Mayi Tarpley sankadziwa chinenerocho kupatula mawu awiri kapena atatu, choncho anachita zimene anaona mboni zikuchita zaka makumi atatu: anaimika dzanja lamanja m'mwamba ngati wolumbira.

Mkuluyo anaimirira pang'onopang'ono, anapondetsa mapazi pa chitsulo kuti aupeze mdidi, n'kutulutsa manja m'khwapa. Anaomba mpaka bwalo linatsala la anthu otola zinyalala, ndipo Wendell, amene anali atafika kale pakhomo lotulukira osewera, anabwerera kudzaimirira pansi pa mzere wa bambo ake.