ANangozo, Mayi Amene Anakana Kulowetsa Akufa mu Kompyuta

Akhristu anzanga, Yesu atamandike m'makomo mwanu monse. Akatekisiti andiuza kuti ndilembe mbiri ya malemu mayi Eliness Ngozo, amene tonse kuno ku Kandeu tinkangowaitana kuti aNangozo. Ati poti ndine ndinkawatungira madzi miyezi yawo yomaliza, komanso poti pakamwa panga sipatopa. Ndavomera. Zaka 16 zathunthu, abale inu, tinkawanena mayiwa kuti ndi wakuba, pamene sanabe ngakhale singano! Zina mwa izi anandiuza ndi ang'ono awo, mayi Emma, zina ndinamva ndi makutu angawa, ndipo zina tinamvera limodzi kumanda tonse kukamwa kuli yasa.

Anabadwa m'chaka cha 1957. Bambo awo, a Paison, ankagwira ntchito ku migodi ya ku Joni. Anzawo pobwerera kumudzi ankabwera ndi njinga, mawailesi ndi majasi. Iwo anabwera ndi makina otayipira akutha, amene kalaliki wa pamgodi anali atataya. Mudzi wonse unaseka. Akazi awo, a Janeti, ati anakhala pansi n'kunena kuti, "Zaka zinayi pansi pa nthaka, mwandibweretsera chitsulo chosaphikira n'komwe?" Koma mwana Eliness anakakamira chitsulocho. Pofika zaka khumi ndi ziwiri ankatayipa nyimbo za kwaya pa mapepala a matumba a simenti, ndipo Misa sankajomba, kaya kukhale chisanu chotani.

Mu 1980 analembedwa ntchito pa yunivesite ina ya m'tauni. Dzina lake sinditchula, andiletsa. Ine ndinkaganiza kuti pa yunivesite pamakhala aphunzitsi ndi ophunzira basi. Kani pali ofesi ina yakeyake yothandiza anthu ophunzirawo kuti ntchito yawo iyende, ndipo aNangozo anali mmenemo. Ankatayipa malipoti, kulemba makalata, kupezera galimoto opita kukachita kafukufuku kumidzi, ndi kulowetsa mu kompyuta mayankho a m'mafomu amene anthuwo abwera nawo. Makompyuta atangofika, anzawo ena ankaopa ngakhale kuwapukuta fumbi. Iwo anaphunzira ali ndi zaka makumi anayi, mpaka madokotala a maphunziro ankaima pamzere pakhomo pawo makina akawavuta.

Mayi Emma akuti tsiku lina pulofesa wina, bambo wa imvi zake, analira ngati mwana chifukwa buku limene analemba zaka zitatu linasowa mu kompyuta magetsi atathima. ANangozo anangotsegula kabati n'kunena kuti, "Bwana, pukutani misozi, ine ndimasunga kawiri." Ophunzira onse ankawadziwa mawu awo akuti, "Musanazimitse, sungani." Mawu awo ena anali akuti, "Kompyuta imameza chilichonse, ndiye woidyetsayo aziopa Mulungu." Sanakwatiwe. Anaphunzitsa sukulu ana atatu a mayi Emma, ndipo 12 koloko ikakwana ankatulutsa kolona m'dilowa, kaya pakhomo paima bwana wotani.

Tsopano imvani chimene chinachitika mu 2009, ine ndisanabadwe. Yunivesite inkafufuza za ulimi wa mbatatesi kuno kwathu, ndipo inatuma ophunzira kukafunsa alimi mafunso. Mmodzi mwa iwo anali Chrispine, mwana wa a Fanizo a mumphakati mwathu momwemu, munthu woyamba m'mudzi muno kufika pa yunivesite. Mvula inavuta chaka chimenecho, njinga yake inathyoka, masiku anamuthera, ndipo anaopa kukanena kuti walephera. Mukudziwa chimene anachita? Anakhala m'nyumba mwa bambo ake, n'kutenga buku lakale la mayina a akhristu, n'kudzaza yekha mafomu 60! Mayina a m'buku, mayankho a m'mutu mwake. Sanadziwe kuti mafomu onse amadutsa m'manja mwa aNangozo.

Anamuitana mu ofesi, n'kutseka chitseko.

"Iwe Chrispine, khala apo. Amayi anga unawapeza ali bwanji?"

"Amayi anu ati, mayi?"

"A Janeti Nyoni. Apa walemba kuti unacheza nawo Lachiwiri, akolola matumba 14, ndipo akudandaula mtengo wa feteleza. Ine ndinawaika m'manda mu 2003. Feteleza akumugula kuti kumeneko?"

Mayo ine! Chrispine anagwada pasimenti. Lamulo la kumeneko ndi lakuti wophunzira wonama pa kafukufuku amachotsedwa sukulu osapatsidwa pepala lililonse, ndipo iye anali atatsala ndi miyezi inayi kuti amalize. Anapempha kuti angolowetsa mafomuwo, palibe adzadziwe.

"Mwana wanga, ine akufa sindiwalowetsa mu kompyuta. Malipoti amenewa ndi amene amauza akuluakulu mbewu yoti atumize kwathu. Ndinamize alimi a kwathu ndi dzina la amayi anga? Tenga mapepala akowa. Bwerera, ukafunse amoyo."

Koma eni chithandizo cha kafukufukuyo ankabwera Lachisanu, ndipo mkulu wa ntchitoyo anawerenga mafomu n'kupeza kuti 60 palibe.

"Mayi Ngozo, mafomu ali kuti?"

"Ndinawatulutsa ndine, bwana."

"Mwawapititsa kuti?"

"Pepani bwana, sindinena."

"Mukudziwa kuti ntchito ikhoza kutha?"

"Ndikudziwa."

Bodza sananene, ndipo mwanayo sanamutchule. Anawachotsa ntchito pa mlandu wotaya katundu wa yunivesite, atagwira zaka 29. Chrispine anayendadi wapansi milungu iwiri, Kasinje mpaka Mlangeni, n'kufunsa alimi enieni. Pobwerera anapeza mayiwo atachoka kale. Anasiya mafomu atsopanowo pa tebulo la mkuluyo ngati angopezeka okha, n'kutseka pakamwa.

ANangozo anatsika basi pa msika ndi chikwama chimodzi ndi makina akale a bambo awo aja. Koma mbiri inali itafika kale. Poyamba anthu ankati anataya mapepala. Kenako ati anawagulitsa kwa amayi a mandasi kuti azikulungira. Pofika nthawi imene ine ndinayamba kumva zinthu, nkhani inali yakuti anaba malaputopu atatu n'kuwakwirira m'munda wa mbatatesi. Ndani anawaona? Palibe! Koma tonse tinkalumbira.

Ku tchalitchi ndiye kunandimvetsa chisoni nditamva. Munthu wodziwa kulemba kuposa tonse, sanasankhidwepo ngakhale kukhala mlembi wa mphakati. Atapempha kuti azisesa m'tchalitchi, a pampando a tchalitchi, mayi Sibongile, anayankha pagulu kuti, "Tsache tikupatsani, koma makiyi ayi." ANangozo anathokoza. Loweruka lililonse ankasesa panja, n'kukhala pa sitepe kudikira wina woti awatsegulire ndi kuwayang'anira. Zaka 16! Ana a Fomu 4 ofuna malo ku makoleji ankapita kwa iwo kuti awathandize mafomu a pa foni, koma foni ankaigwira okha, mayiwo akungoloza ndi chala patali. Ana khumi ndi mmodzi anapeza malo motero. Sanalandire kanthu, ndipo sanadandaulepo.

Apa ndiulule, poti bambo mfumu ndinawauza kale. Ine ndi mnzanga Mirriam tinkati tikamadutsa pakhomo pawo timakuwa kuti, "ALaputopu, mwakolola zingati chaka chino?" n'kuthawa. Tsiku lina aNangozo anandipeza pa mjigo ndikufotokozera anzanga za mkazi wina wa pa msika. Sanakalipe. Anangoti, "Iwe Ulemu, nkhaniyo unakamufunsa mwini wake?" Ndinachita manyazi mpaka masana, madzulo n'kuyambiranso.

Chaka chatha aNangozo anafa ziwalo mbali imodzi. Amayi anga anandituma kuti ndiziwatungira madzi ndikaweruka kusukulu, koma anandiuzitsa kuti foni ndizisiya kunyumba. Taonani zimene tinkachita! M'nyumbamo munalibe laputopu, abale. Munali bedi, mpando umodzi, mtanda, kolona ndi makina akale aja atafunditsidwa chitenje.

Mu Julaye, masana ena kukuzizira, panaima galimoto yoyera. Anatsika bambo wa magalasi, wovala bwino. Anali Chrispine uja, tsopano Dokotala, mphunzitsi wa pa yunivesite yomweyo. Ine ndinali kuseri ndikutsuka mbale, koma mukundidziwa, khutu linali pa zenera. Ndinasuzumira, n'kuona bambo wamkulu ndithu atagwada pansi, suti yonse fumbi.

"Mayi, ndakuphani ndine. Zaka zonsezi ndakhala chete."

"Dzuka, ukudetsa thalauza. Ndiuze chimodzi. Unakafunsa amoyo?"

"Ndinakafunsa, mayi. Onse 60."

"Nanga ana ako a sukulu, umawauza kuti azikafunsa?"

"Ndimapita nawo ndekha."

"Basitu, ntchito yanga sinapite pachabe."

"Ndikufuna ndikanene m'tchalitchi Lamulungu lino."

"Ayi. Ukanene ine nditapita. Mudzi wonse ukabwera kudzapepesa, ndiwakhazika pati? Mpando ndili nawo umodzi."

Mbale inandipulumuka. ANangozo anaitana kuti, "Ulemu, ndikudziwa uli pamenepo. Iyi yokha uisunge." Milungu isanu ndinaisunga, akhristu anzanga! Pakamwa pankandiyabwa ngati ndatafuna chitedze. Mirriam anandifunsa ngati ndikudwala.

ANangozo anamwalira pa 21 Ogasiti m'mawa, bambo mfumu atawadzoza dzulo lake. Anapempha kuti tiwakhazike pakhomo aothere dzuwa. Ananena kolona ndi mayi Emma mpaka kumapeto, kenako anamwetulira n'kunena kuti, "Emma, zonse ndasunga. Akhoza kuzimitsa." Anatsamira khoma ngati akuwodzera, osadzukanso.

Tsiku loika maliro tinkayembekezera anthu ochepa. Tinangoona basi ya yunivesite ndi magalimoto asanu ndi awiri! Mapulofesa a imvi kulimbirana kunyamula bokosi la mayi amene ife tinkawamana makiyi. Kumanda Dokotala Chrispine anapempha kulankhula, ndipo ananena zonse, kuyambira buku la mayina mpaka fomu ya a Janeti. Ananenanso kuti walembera kale akuluakulu a yunivesite kuwaululira, achite naye chimene angachite. A Fanizo, bambo ake, anakhala pansi pa dothi. Mayi Sibongile anavula makiyi a tchalitchi m'khosi n'kuwaika pa bokosi, akulira kuti, "Tengani aNangozo, tengani!" Akatekisiti anachita kuwatola mwaulemu bokosi lisanatsike, poti Lamulungu tinayenera kulowabe m'tchalitchi.

Mayiwa anataya ntchito ndi dzina lawo kuti asaname, komanso kuti mwana wa mnzawo asawonongeke, ndipo sanatiuzepo kuti tikulakwa. Ife tinachita chimodzimodzi chimene anachita Chrispine. Tinakhala m'nyumba zathu n'kudzaza tokha mayankho a munthu amene tinkadutsana naye tsiku ndi tsiku, osamufunsa. Koma iye anabwerera n'kukafunsa amoyo. Ife tadziwa mayi athu ali kale m'dothi, ndipo tsopano tikafunsa ndani?

Pochoka kumanda, Mirriam anandikoka nsalu n'kundinong'oneza kuti, "Iwe, wamva za mkazi wa Dokotalayu?" Ndinaima, khutu litatseguka kale, sindinama. Kenako ndinamufunsa kuti, "Unakamufunsa mwini wake?" Anandiyang'ana ngati waona mzukwa, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo.

Ambuye awalandire aNangozo m'kuwala kwawo, kumene sadzadikiranso pa sitepe kuti wina awatsegulire.