Dothi la m'manda a bambo ake

Kunyumba yosamalirako okalamba ku Blanchardstown, kuno kwa azungu, anzanga amanditcha Pulofesa. Sukulu ndinalekezera Fomu 2, koma buku silichoka m'thumba la jekete, ndipo nkhani iliyonse ndimailowerera ngati ndaitanidwa.

Pa shifiti yam'mawa ndimagwira ndi mayi wina wa ku Ukraine. Anabwera kuno ndi mwana wake wamwamuna nkhondo isanayambe, bambo n'kutsala kwawo. Nkhondo itabuka, boma lawo linalamula kuti amuna a msinkhu wogwira mfuti asatuluke m'dziko. Kulowa unkalowa bwinobwino. Kutuluka ndiye ayi.

Bambo aja atamwalira ndi matenda a mtima, ine ndi mkazi wanga tinapita ku Lucan, komwe mayiyo amakhala, kukapepesa. Tinanyamula shuga ndi buledi monga tichitira kwathu. Tinapeza mayiyo akulongedza chikwama. Mwana uja, mnyamata wamkulu kale, woyendetsa vani ya maphukusi, anali chiimire pawindo.

"Mayi akuti ndisapite kumaliro," anatero. "Inu a Pulofesa mukuti bwanji?"

Lamulolo ndinkalidziwa. Ndinali nditaliwerenga mpaka kumalifotokozera anthu osafuna m'basi. Koma chimene chinandibwerera m'mutu ndi maliro a mayi anga, amene ndinaonera pafoni ndili kuhositelo, mapepala anga okhalira m'dziko muno asanatuluke. Netiweki inaduka bokosi likutsika.

"Kwathu," ndinatero, "mwana amaponya dothi m'manda a kholo lake. Ukapanda kutero, dzanja limakuyabwa moyo wonse."

Mkazi wanga ananditsina pantchafu. "Bambo a ana inu," anandinong'oneza m'Chichewa, "tabwera kudzapepesa kapena kudzalalikira?"

Mayi uja anasiya kupinda zovala.

"Dothilo ndikamubweretsera m'botolo," anatero. "Adzaliponye kuseri kwa nyumba kuno. Mwamuna m'modzi ndapereka kale."

Tinamwa tiyi wozizira n'kutsanzika.

Mnyamatayo anapita kumaliro kuja. Sindinganene kuti mawu anga ndiwo anamutuma, anali ndi mutu wakewake. Mkazi wanga akuti ndisadzikweze, chiyambire palibe munthu anatsatirapo malangizo anga, ngakhale ana athu. Ndimayesetsa kumukhulupirira.

Mayiyo anabwerako yekha. Pasanapite nthawi mwana wake anamuitana ku usilikali.

Tikugwirabe limodzi, poti kutembenuza nkhalamba pabedi kumafuna anthu awiri, wina kumapewa, wina kumiyendo. Sananditukwanepo. Bola akananditukwana. Foni pantchito n'njoletsedwa, koma yake imakhala m'thumba la yunifolomu, ndipo abwana amayang'ana kumbali. Ikangonjenjemera amasiya zonse, ine n'kutsala nditagwira mapewa a gogo wachizungu amene akundifunsa ngati kunja kukugwa mvula. Ndimadikira, maso pakhoma. Sindifunsa.

Akaibweza m'thumba amapukuta manja pa epuloni.

"Ali moyo," amatero. "Kwezani."

Ndimakweza.