Tsiku limene chitsulo chinandigwira dzanja ku Kanada

Ndikudziwa kuti ena mudzati ndikukokomeza, poti ngakhale alamu anga kwathu kuno ku Kabudula anaseka nditawafotokozera, amvekere chitsulo chilibe mano, koma izi zinandichitikira ine ndemwe, masanasana, mutu wanga uli bwinobwino.

Amuna anga ndi aphunzitsi, ndipo ampingo anawatumiza ku Kanada kukawonjezera maphunziro, ine n'kupita nawo mwana wathu woyamba ali kumsana. Mzinda umene tinkakhala uli pamalo athyathyathya, kulibe phiri ngakhale chulu, ukatuluka m'tauni ndi minda ya tirigu yokhayokha mpaka polekezera maso, ndi nkhokwe zazitali kuposa tchalitchi zitandandalika m'mbali mwa njanji. Misewu ndi yowongoka ngati mizere ya fodya. Anthu ake ngaulemu ndithu, koma kukayamba kuzizira aliyense amadzitsekera, zitseko ziwiriziwiri, mawindo awiriawiri, moti mwezi umatha osamva odi pakhomo. Abambo akapita kusukulu ndinkatsala ndi mwana, kunja kuli mbee ndi chipale chofewa, popanda kolowera, popanda wocheza naye.

Eni nyumba, mayi ena achikulire amene ankakhala nyumba yoyandikana nafe, anali atandiwonetsa zingwe za m'chipinda chapansi kuti ndiziyanika m'menemo, koma inu amayi anzanga, kodi thewera la mwana limayanikidwa mumdima? Amayi anga anandiphunzitsa kuti thewera losawona dzuwa limamutupitsa mwana. Ndiye tsiku lina dzuwa litawala bwino, kumwamba kopanda kamtambo, ndinati lero ndiye lero. Kwathu dzuwa likawala ndiye kuti kwafunda, eti? Ndinachapa, ndowa ya madzi otentha ndinaisiya pansi pafupi ndi chitofu, mwana amene anali atangoyamba kukwawa n'kumukhazika pabulangete, poti ndimati ndikangoyanika n'kubwerera.

Waya woyanikira unamangidwa pamzati wachitsulo kuseri kwa nyumba. Thewera loyamba linauma gwa ndi chisanu ngati chikopa ndisanaliyanike n'komwe, ndipo ndikudabwa nazo choncho phazi linaterereka, n'kugwira mzatiwo ndi dzanja lamanja lonyowa. Pofuna kuchotsa, linakana. Ndinakokanso, khungu n'kumatamuka koma osachoka, ngati pali munthu wandigwira mkati mwa chitsulomo. Ndinaliuzira mpweya, ayi. Ndinalavulirapo malovu, ndiye kunali kuwonjezera ulimbo.

Ndinaitana m'Chingerezi changa chapulayimale, kenako m'Chichewa momwe, koma ndani akanamva? Kwathu mayi akangokuwa kamodzi mudzi wonse umathamanga ndi makasu, koma kumeneko utsi unkangotuluka m'machumuni, nyumba zili zii. Galimoto imodzi inadutsa kutsogolo, osandiwona. Ndinali ndi diresi ndi juzi basi, makutu anayamba kuwotcha ngati moto, zala zakumapazi sindinkazimvanso. Apo n'kuti mwana akulira m'nyumba, ndipo kulirako kunkasuntha, kuchoka pabulangete kulowera kumene kunali ndowa ija.

Ine ndine munthu wodikira, ndinabadwa choncho, ndipo ndinadziuza kuti ndisapupulume. Chofunda chokha chimene ndinali nacho chinali mkaka wa m'mawere. Musaseke. Ndinatulutsa bere m'chisanu chimenecho n'kumafinyira pazala, ndipo chala chaching'ono chinamasuka, chinzake n'kutsatira, koma mkaka unkaundana msanga kuposa mmene ndinkafinyira. Kenako ndinamva chitini chikugwa m'nyumba, kulira kuja n'kusiya.

Sindikumbuka kuti ndinaganiza chiyani. Ndinaponda mzati ndi phazi n'kudziponya chagada, khungu la pachikhatho n'kutsala pomwepo. Ndinamupeza mwana atafika pandowa, wagwetsa chitini chotungira, akuchinyambita, dzanja lina atagwira kale m'mphepete mwa ndowayo kuti aimirire, nthunzi ikumufuka kumaso.

Mayi achikulire aja anabwera atawona magazi pachipale. Anandimanga bala uku akundikalipira ngati mwana wawo, amati ngakhale ana aang'ono kumeneko amadziwa kuti chitsulo chozizira sachigwira ndi dzanja lonyowa, poti madziwo amaundana n'kukumatirira pomwepo, ndipo madzi ofunda pang'ono akanandimasula osavulala. Nditawafunsa ngati sanandimve ndikukuwa, anagwetsa nkhope n'kuyankha kuti wailesi inali yotsegula. Kuchokera tsiku limenelo ankagogoda m'mawa uliwonse mpaka tinabwerera kwathu.

Pano ndikamasoka fodya chikhatho chimenechi sichifumbata bwino, ndipo ena amanong'ona kuti ndinalodzedwa kwa azungu. Ine sindikhulupirira zimenezo. Palibe anandichita chipongwe, kungoti dziko lililonse lili ndi zoopsa zake zimene eni ake anazizolowera mpaka kuiwala kumuuza mlendo. Inu amene ana anu akupita kutali, auzeni kuti akafika afunse chimene chimapha anthu kumeneko, ngakhale awaseke. Ndipo mayi mnzanga, usamusiye mwana wokwawa ndi madzi otentha ukuti ukubwera pompano. Inenso ndinatero.