Magalasi Osasweka a Bambo Anga

Ndinanyamuka kwathu ku Mtendere, komboni ya mu Lusaka, Lachisanu m'mawa, mtima uli m'mwamba. Kampani imene bambo anga ankayendetsako lole inali itagulitsidwa, ndipo eni ake atsopano analamula kuti Lolemba madalaivala onse ayezedwe maso. Wolephera, ntchito yathera pomwepo. Magalasi amene tinawagulira bambowo anali atang'aluka kawiri konse asanatuluke n'komwe kumalo odulira magalasi, ndiye ndinati ndikadzionere ndekha.

M'minibasi tinapanikizana ngati nkhuku zopita kumsika. Mtengo unali utakweranso, ndipo mayi wina wa tomato atadandaula, kondakitala anangoti, "Ba mayo, ni dziko yasintha, olo matayala yadula manje." Tinatukwana chamumtima, koma tinalipira.

Cha m'ma teni ndinafika m'tauni. Ndinagula zitumbuwa pasiteshoni n'kudyera choimirira, kenako ndinakwera basi ya ku Matero, imene inandisiya kudera la mafakitale. Pamageti ambiri panali azibambo atakhala pansi kudikira ganyu, ena a msinkhu wa bambo anga. Ndinadutsa mofulumira, sindinafune kuwaona nkhope.

Malo odulirawo kanali kachipinda chabe kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu. Mmisiri wake anali a Mwale, munthu wa imvi, amene makolo awo anachokera ku Dedza ngati agogo anga. Sanandibisire kanthu.

"Mwana wanga, ivi vinthu vanisokoneza mutu," anatero. "Zaka zonse nidula galasi yeniyeni. Manje batibweretsera pulasitiki, ati polikaboneti, ati siisweka." Anatola limodzi lowonongeka n'kulimenya ndi hamala. Silinasweke ndithu. "Waona? Koma nikasiliza chabe kudula, ming'alu ibwela yeka."

Pa muyezo wa maso a bambo anga panatsala magalasi awiri okha, la kumanja ndi la kumanzere. Kuitanitsa ena kunja kukanatenga masabata. A Mwale anaika la kumanja pamakina n'kulidula mosamala, ndipo linatuluka losalala bwinobwino. Kenako anachita zimene manja awo anazolowera pa galasi lakale: ananyowetsa thonje ndi asetoni, mankhwala onunkha ngati ochotsera utoto wa m'zikhadabo, kuti afufute timadontho ta inki tosonyeza pakati pa diso. Tonse tikuyang'ana, timing'alu tinayambira m'mphepete n'kumalowa m'kati ngati mizu ya udzu, ndipo pamwamba panachita chifunga.

A Mwale anayang'ana thonje lija nthawi yaitali. "Kansi ni ine," anatero chapansipansi. Ndinawamvera chisoni, koma maganizo anga anali pa Lolemba.

La kumanzere analipukuta ndi sopo ndi madzi basi, ndipo silinachite kanthu. La kumanja anachita kufufuza m'madirowa mpaka anapeza galasi lakale lolemera la muyezo womwewo. Atamanga onse awiri m'felemu, mbali imodzi inalemera kuposa inzake. "Ukabauze batate bako banikhululukire," anatero pondipatsira.

Ndinabwerera dzuwa likuswa mtengo, chikwama cha magalasi nditachikumbatira pachifuwa, aliyense wondigunda ndikumuyang'ana ndi diso lofiira. M'basimo ndinkaganiza za a Mwale. Sanali aulesi, sanalinso osasamala. Chimene chinaononga magalasi aja ndi ukhondo umene unawapatsa mbiri yabwino zaka zonse, kungoti palibe anawauza kuti katundu wasintha. Zaka zimenezo anthu ambiri odziwa ntchito zinkawachitikira choncho.

Ndinapeza bambo ali pakhonde, maso ali kumsewu. Atangovala, magalasiwo nthawi yomweyo anatsetserekera kumanja.

"Yapendama," anatero.

"Koma muona, batate?"

Anayang'ana kutali, kugolosale ya patsidya pa msewu, n'kuyamba kuwerenga mitengo yolembedwa ndi choko, umodzi ndi umodzi. Ine ndinathawira m'nyumba kukalira.

Lolemba anakhoza mayeso a maso aja. Anayendetsa lole mpaka kupuma pantchito, mutu atapendeketsa pang'ono kumanzere kuti magalasi akhale bwino, ndipo anthu a ku Mtendere ankati bambo anga ayamba matama.