Nthabwala za amuna anga zinakana kuwoloka nyanja

Inu owerenga, amuna anga ndinachita kuwakankhira ndekha m'ndege, ndipo lero ndikuwasowa koopsa.

Kuno ku Chitungwiza, m'dziko la Zimbabwe, ankawatcha Mtaliyana. Agogo awo aamuna anali mzungu wa ku Italy amene anabwera kudzamanga damu la Kariba, n'kukwatira Mchewa. Ntchito ya amuna angawo inali yoseketsa anthu. Ankaima okha ndi maikolofoni pa maukwati ndi m'mabala a ku Makoni.

Nthabwala yawo yotchuka inali ya kutamba. Paja m'Chishona kutamba ndi kusewera, pomwe kwathu ndi ufiti. Ndiye ankayerekeza agogo awo aakazi atamva ana a aneba akuitana mdzukulu wawo kuti akatambe, iwo n'kutuluka ndi tsache akukalipa kuti, "Masanasana ano? Mwana wanga sadya anthu!" Ana a Amalawife tinkaseka mpaka misozi.

Koma ine sindinkakhutira. Anzanga a m'dera la Unit C amuna awo anali kunja, nyumba zikukwera. Ndinayamba kuwalongolola kuti munthu wa magazi a ku Italy angamapanikizane bwanji mu kombi, minibasi za kuno. Iwo anangoti, "Mayi a Chiko, kumeneko ndikaseketsa ndani?" Ndinati kuseka n'kumodzi dziko lonse. Ha, ndinkadziwa chiyani ine?

Mapepala atatheka anapita ku Italy. Kumeneko anayesa kuima pa siteji. Anayamba afotokoza kaye Chishona, kenako Chichewa, pofika pa tsache anthu ali duu. Kuno anali Mtaliyana, uko ndi mlendo wa ku Africa basi. Pano amatsuka mbale mu lesitilanti.

Amatisamala, sindinganame. Koma pa foni amangofunsa za sukulu ya mwana wathu Chiko, mawu ali pansipansi. Munthu amene ankandiseketsa ndikuchapa mpaka sopo kulowa m'maso! Tsiku lina Chiko anawapempha m'Chishona chakecho kuti, "Baba, ndisekesei," kutanthauza kuti amuseketse. Iwo anati nthabwala anaziiwala. Ndinakalirira kuchipinda.

Ndawachonderera kuti abwere. Akuti ali ndi manyazi, poti anatsanzika Makoni yonse monyadira.

Amayi anzanga, musamuzule munthu pamalo pamene luso lake limamveka, ngakhale kunja kukome bwanji. Nyumba imene ndinkafuna ija tamanga ku Manyame Park, ya matailosi ndithu. Ine ndi Chiko timadyeramo chete.