Fulashi ya pakhosi pa achimwene

Achimwene anga anachoka ku Malawi, kumene tinathawira nkhondo, ndi miyendo iwiri. Wakumanzere anausiya m'munda mwathu chaka choyamba cha mtendere, akuswa mphanje pamene bambo ankalima chinangwa nkhondo isanayambe. Anaponda bomba lokwiriridwa. Ine ndinali wamng'ono, chimene ndimakumbukira ndi fumbi komanso mayi akuthamanga chitenje chili m'manja.

Ku kampu ya othawa nkhondo achimwene anali katswiri wa mpira. Anali ndi timu yawo ya anyamata osavala nsapato, mpira wake wachikulunga. Mtendere utabwera timu inamwazikana: ena anapita ku Cuamba, ena anakwatira ku Malawi komweko, ambiri anapita ndi matenda aja owondetsa. Achimwene anatsala ndi ndodo ziwiri ndi kachasu. Makolo atamwalira ndinawatenga kudzakhala nane ku Insaca, kumene ndinkaphunzitsa, ndipo sindibisa, ankanditopetsa. Kawirikawiri ndinkachita kukawatola m'ngalande kuseri kwa msika ataledzera.

Magetsi atafika ndinagula kompyuta yakale kwa wamalonda wina ku Entre Lagos, yoti ndizilembera mayeso. Inabwera ndi sewero la mpira m'kati. Achimwene anayamba kuligwiragwira ine ndikapita kukaphunzitsa, mpaka anatulukira kuti munthu angathe kupanga osewera akeake. Dzinja lonse anakhala akuumba timu ya ku kampu ija, mmodzimmodzi: dzina, msinkhu, mwendo umene ankamenyera, amene anali ndi liwiro ndi amene anali wa nkhanza. Akamasewera ankawakalipira powatchula mayina, moti anansi ankayesa tili ndi alendo. Kachasu anasiya. Sindinawafunse chifukwa, ndinkaopa kudzidzimutsa mwayi. Zinapita choncho zaka zingapo, ndipo ndizo zaka zokha zimene ndinagona ndi mtima umodzi.

Koma kompyuta ya mphunzitsi ndi chitsime cha aliyense. Anzanga ankabwera ndi mafulashi awo kudzakopera mayeso, ndipo aliyense ankasiya mavayirasi ake. Makina anayamba kuzima okha, kudya zolemba, kuchedwa kuyaka mpaka madzi a tiyi kuwira. Ndinaitana tekiniko wokonza makompyuta wa ku Cuamba amene ankabwera mwezi ndi mwezi pa chapa, minibasi ya kuno kwathu.

"Profesora, sistema iyi yaola," anatero. "Tiike ina, Linux. Ndi yaulere, ndipo mavayirasi a m'mafulashi a anzanuwa saidya."

"Nanga mpira wa achimwene?"

"Udzayenda. Pali kapulogalamu kamene kamanamiza sewero kuti likadali pa sistema yakale. Koma zonse za m'katimu zifafanizika. Chimene mukuchifuna muchitulutse kaye."

Ndinamuuza tekiniko kuti atulutse yekha timu ya achimwene. Achimwene anakana kwamtuwagalu. Anati pothawa nkhondo katundu wako sumpatsa mnzako kuti akunyamulire, ndipo mayi anataya mabulangete onse pamalire chifukwa chokhulupirira munthu wanjinga. Anapita okha kumsika kukagula fulashi yatsopano. Anatitulutsa m'chipinda, nakoka kachithunzi ka mpira kamene ankadina tsiku lililonse kuti sewero liyambe, nakakankhira mu fulashi muja. Kenako analowetsa ulusi pa kabowo kake, ndi kuivala pakhosi ngati chithumwa.

"Mano, ndione kaye ngati zalowa bwino," anatero tekiniko (kuno kwathu "mano" ndiye kuti achimwene).

"Manja ako omwewo ndiwo amayenda ndi matenda. Zalowa. Ndaona ndi maso anga."

Tekiniko anapemphanso, kenako anayang'ana ine. Achimwene anali mkulu wa tonse m'chipindamo, ndipo pa zaka zonsezo chinali chinthu choyamba chimene anati achita okha. Sindinawatsutse. Tekiniko anadina, sistema yakale inapita.

Yatsopanoyo inayaka mofulumira, yoyera bwino. Achimwene anavula ulusi uja, anapereka fulashi. Tekiniko anaitsegula, ndipo ndinaona nkhope yake ikugwa. Munali kachithunzi kaja kokha.

"Mano, aka ndi kachikwangwani chabe. Kamangoloza pamene sewero limakhala. Sewero lenilenilo ndi timu yanu zinali m'kati mwa makina."

"Ndiye uzitulutse."

"Zafafanizika."

Mnyamatayo anayesetsa, ndisamunamizire. Chapa inamusiya, anagona kwathu, m'mawa anafufuzanso m'makina osapeza kanthu. Sewero analiikanso kuchokera pa disiki yake. Poyamba linalibe mawu, kenako osewera ankathamanga opanda mitu, koma pofika masana linkayenda bwino kuposa kale. Lonjezo lake anasunga: sistema yatsopano, mpira ukuseweredwa. Kungoti m'bwalomo munali azungu okhaokha osawadziwa.

Achimwene sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Anangoti, "Palibe kanthu, ndiwaumbanso," nakokera mpando pafupi.

Akutsogolo anawalemba mofulumira, apakati chimodzimodzi. Akumbuyo anavutika nawo pang'ono koma anabwera. Atafika pa wapagolo, zala zinaima. M'sewero lija wapagolo amadziyendetsa yekha, sumugwira, choncho zaka zonsezi sanamutchulepo pokalipa ngati enawo. Dzina analilemba kamodzi kalekale, nalisiyira makina kuti azisunga.

Zina zonse ankazikumbukira. Anali Myao wa ku Chiuta, mwana wa msodzi, wamanzere, wamtali, wosadya mbewa, ankaleka mpira pakati kukaswali. Anamwalira ndi kolera ku kampu komweko mtendere uli pafupi, ndipo achimwene anali m'gulu la amene anakumba manda ake. Dzina lokha ndilo linakana. Anandifunsa ine, koma ndinali mwana nthawi imeneyo. Anayesa mayina a Chiyao onse amene ankawadziwa, kuwatchula mokweza, kupukusa mutu, kufufuta.

Loweruka ndinabwereka njinga kupita ku Chiuta. Ndinayenda pa madoko, ndinafunsa pa mzikiti, ndinafunsa amayi oyanika nsomba. Anandilandira bwino, anandipatsa madzi. Koma mabanja amene anathawira ku Malawi anali ambiri, amene anasiya ana kumeneko analinso ambiri, ndipo aliyense ankandifunsa funso lomwelo, kuti dzina lake anali ndani. Ndinabwerera ndili ndi ukali umene sindinkadziwa woupatsa: tekiniko, anzanga a mafulashi, kapena amene anakwirira chitsulo chija m'munda mwathu.

Ndinapeza achimwene atakhala pa kompyuta, timu ili pa galasi, malo amodzi opanda munthu. Sewerolo sililola timu kulowa m'bwalo popanda wapagolo.

"Ingoikanipo aliyense, achimwene," ndinatero. "Kapena mulembe kuti Myao. Iye sangadandaule."

"Pagolo pake sindiikapo mlendo."

"Ndiye simudzaseweranso?"

Anazimitsa makina bwinobwino monga tekiniko anawaphunzitsira, anatola ndodo zawo, naima pakhomo atandifulatira.

"Mayi ake anamwalira iye asanamwalire. Bambo ake sanafike n'komwe ku kampu. Pa manda paja anthu analimapo chimanga," anatero. "Womudziwa dzina ndinatsala ndekha, mlongo."

Anatuluka. Ndinamva ndodo zikugunda pansi, kulowera kuseri kwa msika, ndipo sindinawaitane.