Mpeni wandikumbutsa dzanja la Ababa

Salaam nonse pagulu pano.

Lero ndinapita ku hadiweya ku Phoenix, kuno kudziko la eni, kukagula mpeni wodulira zilembo. Wanga uja unathyoka dzulo, pomwe chikwangwani cha telala wina chikufunika mawa.

Wogulitsa anandiyalira iwiri, wapulasitiki wopepuka ndi wachitsulo wolemera, n'kundipatsa kachidutswa ka sitika kuti ndiyesere. Wachitsulowo unangoyenda wokha ngati ukudula papaya wakupsa. Pozindikira, ndinali nditadula J ya mchira wopindika, ija malemu Ababa ankadula pa katoni ndi lezala polemba mayina pa magolosale ku Mangochi, zala zili mabala okhaokha.

Eish, mtima unathawira kumudzi. Ndinaona kashopu kathu kabuluu pamsika, pamwamba palembedwa Jafali, dzina lawo, Amayi atakhala pakhonde. "Ababa, taonani!" Mawuwo anatuluka mokweza, m'Chichewa, ine amene mu taxi ndimakhala duu kuopa kudziwika kuti ndine wobwera. Wogulitsa anangoti, "Sharp, sisi?" kufunsa ngati ndili bwino.

Ndagula wachitsulowo.

Amayi, achimwene, tandiuzani zoona: ndikabwera Disembala, ndibwererenso kuno? Chilembo choyamba cha dzina la Ababa ndadula kale, chili m'chikwamamu. Zatsala zisanu.